Mapadi ndi atsopano, nanga bwanji mabuleki akulira?

Funso: Ndili ndi Toyota Sienta yomwe ndimanyamulira anthu pakati pa Mwanza boma ndi Zalewa. Ndaikitsa mapadi atsopano akutsogolo, koma ndikaponda buleki pamtsetse akulira kuti tswii mpaka okwera kuchita mantha. Kodi andigulitsa achinyengo? Woyendetsa galimoto, Mwanza

Yankho: Bambo, musafulumire kuda wogulitsa. Nthawi zambiri vuto limakhala pa kaikidwe.

Chotsani tayala, muyendetse chala pa disiki itazizira. Mukamva mizere kapena mlomo m'mphepete, padi yatsopano siikhala bwino. Disikiyo ipalidwe kapena isinthidwe. Mlingo wa kuonda komwe siiyenera kupitirira umalembedwa pa disikipo.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi timalata topyapyala tokhala kumsana kwa padi. Amakaniko ena amangotitaya, pamene ndi timene timaletsa kunjenjemera kobweretsa phokosolo. Tibwezeredwe. Mapini a kalipa atsukidwe, poti fumbi la m'misewu yakumudzi limawaumitsa, kenako apakidwe girisi wa mabuleki. Girisi asakhudze nkhope ya padi kapena disiki ngakhale pang'ono.

Mukamanga, pondani buleki kangapo musananyamuke. Kenako pamalo oongoka a msewu wa M6, mulibe okwera, thamangani 60 km pa ola n'kuponda buleki mpaka liwiro litsike kufika 20 osaimiratu, kasanu ndi katatu, ndipo muyende pang'ono kuti mabuleki azizire.

Pamitsetse muzitsika ndi giya yaing'ono. Phokoso likasanduka kukhukhuluza kwa zitsulo, imikani galimoto tsiku lomwelo, musanyamulenso anthu.