Kugula ndi Kugulitsa Makina a Magemu pa Okushoni: Mafunso ndi Mayankho

Kodi makina amenewa ndi otani, nanga amafika bwanji pa okushoni?

Tikunena za makina amene munthu amalipira kuti asewere: kabati yamatabwa yokhala ndi sikirini, ndodo yowongolera ndi mabatani, yomwe imayamba kugwira ntchito mukaponyamo tokeni. Makina otere anatchuka ku Japan ndi ku America pamene kampani ya Namco inatulutsa Pac-Man mu 1980, ndipo anatchukanso kwambiri ndi Street Fighter II ya Capcom mu 1991 komanso Mortal Kombat ya Midway mu 1992. Kuno ku Blantyre makabati enieni a nthawi imeneyo ndi ochepa. Zimene timaona ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa ndi abale ake: matebulo a pulu, ndi tinyumba tokhala ndi TV ndi PlayStation momwe anyamata amalipira pa gemu iliyonse ya mpira. Zonsezi zimatha kufika pa okushoni. Nthawi zina mwini bala kapena loji watseka bizinesi, nthawi zina a sherifu alanda katundu chifukwa cha ngongole khoti litagamula, ndipo nthawi zina bungwe lotolera misonkho la MRA likugulitsa katundu amene eni ake analephera kumuombola. Mfundo ya kabuku kano ndi imodzi: makina oyenera kuwapikisanirana ndi okhawo amene mmisiri wa kuno angathe kuwakonza ndi zipangizo zopezeka kuno. Kukongola kwa kabati ndi kutchuka kwa dzina la gemu zibwere pambuyo.

Ngati mtengo wa pa okushoni umakhala wotsika, vuto lili pati?

Vuto ndi lakuti ndalama imene mwatchula nyundo isanagunde si ndalama yonse imene mudzalipire. Pamwamba pake pamatha kubwera gawo la woyendetsa okushoni, msonkho wa VAT, ndi galimoto yonyamula katundu, ndipo kabati kapena tebulo la pulu si chinthu chokweza pa minibasi. Kuikweza m'misewu yokwera ya ku Chilomoni kapena kuifikitsa mkati mwa Machinjiri kumafuna lole yaing'ono ndi anthu angapo onyamula. Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti katundu wa pa okushoni amagulitsidwa mmene alili. Mukapeza kuti makina sakuyaka mutafika nawo kunyumba, palibe wokamudandaulira. Amene anagulitsapo fodya ku okushoni ya ku Limbe amadziwa mmene mitengo imathamangira pakamwa pa woitanira. Pamalo otere mtima umatentha, ndipo munthu amapitirira muyezo wake pongofuna kuti mnzake asamupose. Choncho werengerani zonse muli kunyumba, lembani ndalama imene simungapitirire, ndipo ikafika pamenepo tsitsani dzanja.

Nanga pa tsiku loona katundu ndiyang'ane chiyani?

Choyamba, musapite nokha. Tengani mmisiri wokonza ma TV ndi mawailesi, mumulipire tsiku lakelo, chifukwa maso ake ndi amene adzakupulumutseni. Ayambe ndi kuwerenga kachitsulo kolembedwa kumbuyo kwa makina. Magetsi a ESCOM ndi a mphamvu ya mavolti 230, pamene makina opangidwira msika wa ku America amafuna pafupifupi 120 ndipo a ku Japan 100. Makina otere mukawalumikiza mwachindunji amapsa nthawi yomweyo, ndipo ngati mwini wake wakale anachita kale zimenezo, mukugula bokosi lopanda kanthu. Makina odzera ku South Africa savuta pa nkhani imeneyi chifukwa magetsi awo ndi ofanana ndi athu.

Kenako atsegule kumbuyo. Makabati ambiri opangidwa kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980 amatsatira kalumikizidwe kotchedwa JAMMA, kamene kali ndi mano 56, ndipo ubwino wake ndi wakuti bolodi ya gemu ikafa mumaizula n'kulowetsa ina popanda kusintha mawaya onse. Masiku ano kuli mabolodi ochokera ku China okhala ndi magemu mazanamazana amene amalowa pamalo omwewo. Kabati ya JAMMA yakufa bolodi ikhoza kukhala malonda abwino kuposa kabati yamoyo ya kalumikizidwe kachilendo, pakuti yoyambayo idzauka, pamene yachiwiriyo ikadzafa ndiye kuti yafa basi. Samalaninso ndi mabolodi a CPS-2 amene Capcom inayamba kutulutsa mu 1993: ali ndi batire laling'ono losunga kiyi ya gemu, ndipo batirelo likatha gemu imasiya kuyaka, moti kuidzutsa kumafuna luso ndi zida zapadera.

Sikirini ndiyo imadya ndalama zambiri. Makabati akale ali ndi sikirini ya chimimba, ngati ma TV akale aja, ndipo mafakitale anasiya kuzipanga. Zimasunga magetsi oopsa ngakhale makina atazimitsidwa, n'chifukwa chake munthu wosadziwa asalowetsemo dzanja. Ngati chithunzi chazilala kapena chili ndi zipsera za gemu yakale, werengerani mtengo woikamo sikirini yopyapyala musanapikisane. Matabwa nawonso afunika kuwagogoda pansi. Makabati ambiri ndi a matabwa a utuchi wopanikiza, amene akamwa madzi amafufuma n'kuyamba kunyenyeka. Mumzinda umene unaona madzi ndi matope a namondwe wa Freddy mu March 2023, katundu aliyense amene anakhala m'nyumba yosungiramo zinthu ayenera kufufuzidwa ngati ali ndi mzere wa madzi kapena dzimbiri m'munsi mwake. Komabe kabati yowola si mapeto a nkhani, chifukwa akalipentala ndi owotcherera zitsulo a ku Ndirande akhoza kupanga ina. Chimene sangapange ndi bolodi.

Kodi malo oponyamo ndalama adzalandira ndalama zathu?

Ayi. Anapangidwira ndalama zachitsulo za mayiko ena, ndipo ndalama zathu zachitsulo za K1, K5 ndi K10 sizigulanso kanthu. Njira yake ndi matokeni amene wosewera amagula kwa woyang'anira. Ubwino wa matokeni ndi wakuti madzulo mumawawerenga n'kuyerekeza ndi ndalama zimene zalowa, ndipo mitengo ikakwera mumangokweza mtengo wa tokeni osakhudza makina.

Ena amati magemu a m'foni anaipha kale bizinesi imeneyi. Kodi si zoona?

Akunena zoona pang'ono, ndipo tisawatsutse mopupuluma. Mwana amene ali ndi foni m'manja sangalipire kuti asewere yekha gemu ya zaka makumi anayi zapitazo. Koma taonani zimene zikukhalabe ndi makasitomala m'misika yathu: pulu, ndi mpira wa pa PlayStation. Zonsezi ndi za anthu awiri opikisana pamaso pa anzawo, wina akuchemerera, wina akudikira kuti akumane ndi wopambana. Anthu amalipirira bwalo limenelo, ndipo foni singawapatse. Izi zikutiphunzitsa makina oyenera kugula: a osewera awiri, a ndewu kapena a mpira, amene gemu yake imatha msanga kuti mzere uziyenda. Kutsutsa kwamphamvu kuposa kumeneku ndi kwa magetsi. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunatenga miyezi yambiri. Makina amagetsi akazima sabweretsa ndalama, koma lendi imayendabe. N'chifukwa chake tebulo la pulu, lomwe masana silifuna magetsi ngakhale pang'ono, ndi loyenera kukhala loyamba, ndipo kabati ibwere monga chowonjezera, pamodzi ndi kachipangizo koiteteza pamene magetsi akubwerera mwamphamvu.

Bwanji osangoitanitsa makina atsopano kuchokera kunja?

Amene ali ndi ndalama zakunja akhoza kutero. Koma kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo katundu wodzera pa Mwanza amafika atanyamula mtengo wa ulendo ndi wa msonkho. Makina amene ali kale m'dziko muno mumawagula ndi makwacha. Kutsika kwa kwacha komweko ndi kumene kukulimbitsa mfundo yathu, pakuti chipangizo chilichonse chosapezeka ku Limbe kapena ku Ndirande mudzachigula ndi madola.

Nanga makina a juga aja, si amene amabweretsa ndalama zambiri?

Amenewo ndi nkhani ina, ngakhale pa okushoni aikidwe mzere umodzi ndi makina a magemu. Makina amene amabweza ndalama kwa wopambana mwamwayi ali pansi pa lamulo la Gaming and Lotteries Act la 2022, ndipo bungwe la MAGLA ndi limene limapereka chilolezo chake. Risiti ya pa okushoni si chilolezo, ndipo laisensi ya bizinesi ya ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre siilowa m'malo mwake. Lamulo limaletsanso ana osakwana zaka 18 kutchova juga. Kupatula lamulo, ganizirani amene amadzaza tinyumba ta magemu masana: ndi ana asukulu. Kuika makina a juga pakati pawo ndi kuwadyera ndalama ya chigayo imene anatumidwa nayo, ndipo makolo ndi mafumu a m'deralo akadzakwiya sadzasiyanitsa makina abwino ndi oipa, adzafuna kuti malo onsewo atsekedwe.

Ine ndikufuna kugulitsa anga. Ndichite bwanji?

Muyambe mwafunsa eni mabala ndi tinyumba ta magemu a m'dera lanu, chifukwa pa okushoni ya katundu wosakanikirana, pakati pa mafiriji ndi mipando ya mu ofesi, pakhoza kusapezeka munthu wodziwa phindu la makina anu. Mukasankha okushoni, gwirizanani ndi woyendetsa za mtengo wotsikitsitsa umene mungalole, ndipo mudziwiretu gawo limene adzadule komanso tsiku limene mudzalandire ndalama. Pemphani kuti makina aikidwe pafupi ndi soketi kuti ogula awaone akuyaka. Bweretsani makiyi, matokeni, mipira ndi ndodo za pulu, ndiponso mapepala osonyeza kuti katunduyo ndi wanu. Ngati batani lina silikugwira kapena sikirini imachedwa kuyaka, lembani papepala n'kumata pa kabatipo, kuti mmisiri amene wogula wabwera naye athe kuwerengera mtengo wokonzera asanakweze dzanja.