Phunziro 6: Makina a Gulu Ndi Athu Tonse

Ife oweta ng'ombe kuno ku Champhira timadalira mapesi ndi nsenjere m'chilimwe. Gulu likagula makina odulira chakudya cha ziweto timasangalala, koma chaka chisanathe mipeni yabuntha. Chalakwika nchiyani?

Mchenga ndi timiyala tokakamira ku mapesi ndi timene timadya mipeni. Zinyalala zonyowa zikagonera m'kati zimabweretsa dzimbiri. Mipeni yobuntha imatha dizilo wambiri, ndipo ndalama yake timasonkha ndife tomwe.

Tsono tizichita izi:
1. Tisanse dothi tisanalowetse mapesi.
2. Tizimitse injini tisanapise dzanja, ndipo zinyalala tichotse tsiku lomwelo.
3. Tinole mipeni ndi kupaka girizi.

Tikambirane: Pagulu pathu tidasankha yani woyang'anira makina? Nanga amatifotokozera liti za ndalama zokonzetsera?