Buku Lomwelo, Maso Ena

Kodi mukukumbukira nthano zimene munkamva muli mwana kuno ku Khuyu? Madzulo, mwezi ukuwala panyanja, agogo ankasimba za Kalulu ndi Fisi. Kalulu akapusitsa Fisi, inu munkaseka mpaka misozi. Nthano yopanda Kalulu munkati ndi yosakoma. Lero mwakula. Mukaimvanso nthano yomweyo, mwina mumayamba kumvera chisoni Fisi, chifukwa nanunso munapusitsidwapo pa malonda a usipa.

Mabuku nawonso ali chimodzimodzi. Taonani buku la Nthondo. Analilemba ndi a Samuel Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo linatuluka m'chaka cha 1933. Likusimba za mnyamata wosamva, wakuba, amene anachoka kwawo kukafuna ntchito kutali. Pambuyo pake anabwerera, nakhala mfumu, natembenuka mtima.

Mnyamata wa sukulu akaliwerenga, amakonda pamene Nthondo akuba ndi kuthawa. Akafika pa za ufumu ndi milandu, amadumpha masamba, ati pamenepa mpotopetsa. Koma mayi amene mwana wake anakwera Ilala, napita kukagwira ntchito ku Joni, osalemba ngakhale kalata imodzi, saseka konse. Iye amaganiza za otsala kumudzi. Bambo wachikulire, amene anakhalapo pabwalo la milandu, amaima pa masamba omwe aja mnyamata anadumpha. Mawu ndi omwewo, sanasinthe kuyambira 1933. Wasintha ndi wowerenga.

Tsono inu amene mwaphunzira kuwerenga mutakula, musadziderere ayi. Mdzukulu wanu akhoza kumaliza tsamba inu mukali pa mzere wachitatu. Msiyeni athamange. Iye sanaikepo maliro, sanalerepo mwana, sanagonepo panyanja mwera ukuwomba. Inu zonsezi mwaziona, ndipo mukazipeza m'buku mumazizindikira msanga. Mumadziwanso pamene wolemba akunama, eti?

Akakusekani kuti mukuwerenga buku lachikale, musalibise. Ndiponso buku likakukanikani lero, musalitaye, musakulungire fodya masamba ake. Liikeni m'bokosi, kutali ndi chiswe. Mudzalitsegulenso chaka chamawa.

Zoti muchite sabata ino:

Bwerekani buku limodzi kwa aphunzitsi anu. Werengani tsamba limodzi mokweza, mdzukulu wanu akumva. Mufunseni chimene chamkondweretsa. Inunso mumuuze chanu. Lembani mayankho onse awiri m'kope lanu, mubwere nawo ku kalasi.