Mitengo ya pabwalo losewerera

Ana a sukulu amafuna bwalo lokhala ndi mthunzi. Koma si comera ciri conse coyenera pabwalo. Tisanabzale, tiyambe tadzifunsa: kodi comeraci cingapweteke mwana?

Mitengo yabwino ndi ya mango, magwafa ndi mapeyala. Imatipatsa mthunzi ndi zipatso. Mango tibzale motalikirana mamita 10, cifukwa nthambi zake zimatambalala. Pansi tibzale kapinga. Udzu umenewu sufa msanga ngakhale tiuponde, ndipo umagwira dothi kuti lisakokoloke.

Zomera zina n'zoopsa. Nkhadze ili ndi utomoni woyera ngati mkaka. Ukalowa m'maso umaocha kwambiri, ndipo mwana akhoza kuleka kuona. Zikacitika, tsukani maso ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, kenaka thamangirani naye kucipatala. Njere za nsatsi zili ndi poizoni: mwana akatafuna angathe kufa. Citedze cimayabwa thupi lonse. Khonje ali ndi nsonga zolasa. Masau ndi okoma, koma mtengo wake uli ndi minga, conco ukhale kunja kwa bwalo.

Tibzale mu Disembala, mvula itakhazikika. M'dzenje tithiremo manyowa. Mtengo uli wonse tiuchingire ndi bango kapena nsungwi kuti mbuzi zisadye.

Nchito
1. Chulani mitengo itatu yoyenera pabwalo.
2. N'cifukwa ciani sitibzala nkhadze posewerera?
3. Yendani pabwalo ndi aphunzitsi. Lembani maina a zomera zoyenera kuzulidwa.
4. Funsani agogo zomera zina zoopsa za m'mudzi mwanu.