Kuphunzitsa za Kusefa Madzi a Zonyansa

Madzi ochokera m'zimbudzi za m'mizinda akafika pamalo owayeretsera, monga pa Kauma ku Lilongwe, amayamba adutsa pakati pa zitsulo zoimikidwa mondondozana ngati mano a chipeso. Zitsulozi zimakola nsanza, mapulasitiki, matewera ndi timitengo, ndipo antchito amazikokolola n'kukazikwirira. Zinyalala zotere zikalekereredwa zimatseka mipope ndi kuwononga mapampu. Ku London, m'chaka cha 2017, tinsalu topukutira tinaundana ndi mafuta ophikira n'kupanga chimulu cholemera matani 130 m'ngalande ya pansi pa msewu ku Whitechapel.

Mphunzitsi asadandaule kuti alibe zipangizo zoonetsera zimenezi. Atunge madzi abwino m'ndowa (a kuchimbudzi ayi, ndithu), athiremo masamba, zitsononkho, utuchi ndi mchere wodzaza dzanja. Ana atsanulire madziwo pa waya wa khola la nkhuku, kenaka pa sefa ya ufa, ndipo atchule zimene zatsalira pa chilichonse.

Aphunzitsi ambiri amalekera pomwepa, ndipo kutero n'kulakwa. Mwana akaona madzi atayera amakhulupirira kuti ngoyenera kumwa. Choncho mphunzitsi adonthezere madzi osefedwawo pa chivundikiro cha chitini, achiike padzuwa. Madziwo akauma, mchere udzaonekera mbuu. Apo afunse kuti: ngati mchere wapulumuka sefa, nanga tizilombo ta kolera, tosaoneka ndi maso, tingakodwe bwanji? Asafulumire kuwayankhira, awasiye alimbane nalo funsolo.