Kuphunzitsa Kupereka Maganizo: Chitsanzo cha Kado

Kanema wa makatuni wa ku Japan wa mu 2017, Kado: The Right Answer, amasimba za zaShunina, mlendo wochokera kunja kwa chilengedwe chathu, yemwe atera pabwalo la ndege la Haneda ku Tokyo. Nzeru zake n'zoposa za anthu, ndipo awapatsa gwero la magetsi osatha. Woonera wina angati chimenechi n'chitukuko. Wina angati wolandira mphatso yomwe sakuimvetsa amasanduka kapolo wa woperekayo.

Ntchito: Fotokozerani ophunzira nkhaniyi. Aliyense asankhe mbali, kenaka alembe ziganizo zitatu: maganizo ake, umboni wake poyamba ndi "chifukwa", ndi yankho kwa womutsutsa poyamba ndi "ngakhale". Pochonga, musaweruze mbali yomwe wasankha. Onani ngati umboniwo ukuchirikiza maganizowo.