Ndikaonane ndi phungu maso ndi maso, kapena pafoni pakwana?

FUNSO

A Dokotala,

Ndine bambo wa zaka 41, ndimakhala ku Milange, kunsi kwa phiri la Tumbine. Ndimagula chimanga ndi nandolo kumidzi n'kumaolotsa pa Muloza. Chichitikire namondwe wa Freddy mu 2023, yemwe anandionongera matumba onse n'kunditengera mphwanga, zinthu sizinabwerere m'chimake. Ndinatenga katapila, pano eni ndalama sakundipumitsa. Tulo sindikuona, nsima ndimangoigwira. Usiku wina ndinakhala nthawi yaitali mosungira matumba nditagwira mankhwala a anankafumbwe, koma zimenezo zinadutsa. Mayi a kunyumba akuti ndipite kuchipatala ndikaonane ndi aphungu. Vuto n'loti kuno tonse timadziwana, ndipo mlamu wanga amagwira ntchito komweko. Mawa lake mumsika adzati ndapenga. Mnzanga wandipatsa nambala ya phungu wa ku Blantyre wothandiza pa WhatsApp. Kodi n'kofunikadi kuonana maso ndi maso, kapena pafoni pakwana?

Wosowa mtendere, Milange

YANKHO

Achimwene, za foni ndi maso ndi maso ndayankha mpaka dzanja lachita dzanzi, ndipo wofunsa aliyense amakhala ali ndi mlamu pachipatala. Tizisiye kaye. Ine ndaluma kamwala kamene mwakabisa mumpungamu: munakhala usiku mutagwira mankhwala, "koma zinadutsa." Unadutsa ndi usikuwo. Ngongole ilipobe, tulo kulibe, ndipo mankhwalawo ndikhulupirira akadali pomwe munawasiya.

Achoke lero. Apatseni mayi a kunyumba kapena malume anu akawasunge kumene inu simukudziwa, ndipo muwauze chifukwa chake mosapsatira. Chimanga athire wina. Sindikukuyesani mwana. Maganizo odzichotsera moyo amachita ngati mtsinje wa Muloza mvula ikagwa kuphiri: kudzaza mwadzidzidzi, patapita kanthawi n'kuphwa. Amene timawaika m'manda ndi aja amene madzi atadzaza anali ndi chinthu pafupi. Bungwe la WHO limati pa anthu asanu aliwonse odzipha padziko, pafupifupi mmodzi amagwiritsa ntchito mankhwala a ulimi. Ku Sri Lanka boma litaletsa mitundu yoopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chinatsika kuposa theka poyerekeza ndi mu 1995, chonsecho ngongole ndi mikangano m'mabanja sizinathe.

Tsono funso lanu lija: pitani. Foni ndi ya munthu amene waonedwa kale, akuchira, akungofuna womucheukira. Inu simunafike pamenepo.

Ndinali ndi wodwala wina, tela, amene kwa miyezi iwiri ankandiimbira Lachisanu lililonse. "Tili bwino a dokotala, tikulimba." Mawu amphamvu, n'kuseka komwe. Ine ndinkakhutira, pena ndinkamuyankha ndikudya. Tsiku lina mkazi wake anamukoka n'kubwera naye. Atakhala pampando maso anga anagwera pa lamba: mabowo atatu atsopano, oboola ndi msomali, ofiira dzimbiri m'mphepete. Kolala ya malaya inkalendewera ngati ya malemu. Tela, munthu wosokera anzake zowakwana, ake omwe osawabweza! Chala cha kumakina chinkanjenjemera, ndipo m'kamwa munkatuluka fungo la kachasu 9 koloko m'mawa. Mkazi uja, ataimirira pakhomo, ndiye ananena zimene mwamunayo anandibisira miyezi yonseyo. Titamuyeza tinapezanso kuti magazi ndi ochepa kwambiri. Chichokere tsiku limenelo, mwamuna akanditsimikizira pafoni kuti ali bwino ndimangomva ngati moni.

Kuwonda, kusowa tulo ndi kufooka nthawi zina zimayendera limodzi ndi TB, HIV kapena shuga, ndipo WhatsApp siitenga magazi. Onjezani za kumalire kwanuko, kumene foni imalumphalumpha pakati pa Movitel ndi Airtel: mwafika pa nkhani ya mphwanu, misozi yayamba, netiweki yathawa. Nanga usiku wonga uja ukabweranso, wa ku Blantyre adzathamangira pakhomo panu? Ndipo mwafunsa kuti anaphunzira kuti? Masiku ano aliyense amene ali ndi bandulo ndi mavesi awiri akudzitcha phungu. Wina akayamba ndi kukufunsani ndalama musanafotokoze n'komwe vuto, kapena akakuuzani kuti musapite kuchipatala, fufutani nambalayo.

Kuchipatala kwanuko funsani técnico de psiquiatria kapena psicólogo. Mozambique inayamba kuphunzitsa matekiniko amenewa m'zaka za m'ma 1990 chifukwa madokotala a matenda a maganizo ndi owerengeka. Nenani za usiku uja poyamba penipeni, osati potsanzika. Akakupatsani mapiritsi, dziwani kuti amatenga milungu iwiri kapena inayi musanamve kusintha, osawasiya panjira, osawaphatikiza ndi mowa, ndipo aziwasunga ndi mayi a kunyumba n'kumakupatsani a tsiku limenelo okha.

Za mlamu: wogwira ntchito m'chipatala akaulula za wodwala walakwira ntchito yake, mungathe kukamunenera. Koma kunena zoona, ine ndimaona kuti manyazi amenewa timawanenepetsa tokha. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaika agogo aakazi ophunzitsidwa pa mabenchi panja pa zipatala, poyera, ndipo anthu odwala chomwe Ashona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri, amakhalapo n'kumathandizika. Ngati mlamuyo akukulepheretsanibe, olokani monga amachitira anzanu ambiri, mukwere minibasi pa Limbuli mpaka ku Mulanje. Kungoti mudzafunika kubwererako kangapo, ndiye muwerengeretu thiransipoti.

Musapite nokha. Ndipo maganizo aja akabwera usiku uno, dzutsani munthu, tulukani m'nyumba, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuche. Za katapila tidzakambirana mukandilembera kuti mankhwala aja achoka.